Mafunso ndi mayankho: kukonzekera GMAT ndi GRE mukadali pa digiri yoyamba

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi, makamaka a ku MUBAS ndi ku UNIMA, omwe akulingalira zodzapanga MBA (Master of Business Administration) kapena masitazi ina ya bizinesi kunja. Tayamba ndi ophweka, ozama ali kumunsi.

GMAT ndi chani kwenikweni?

Ndi mayeso olowera ku masukulu a bizinesi, amayendetsa ndi bungwe la GMAC la ku America ndipo anayamba kulembedwa mu 1954. Sukulu ngati Harvard Business School, London Business School kapena INSEAD imalandira makalata kuchokera maiko ambirimbiri, nde digiri ya ku Blantyre, ya ku Lagos ndi ya ku Mumbai sangaziyeze pa sikelo imodzi. GMAT ndi imene imawapatsa sikelo imodziyo. Kwa ife izi ndi zabwino ndithu, chifukwa munthu wowerenga fomu yanu ku London mwina MUBAS sanaimvepo, koma 655 ya GMAT akuidziwa bwinobwino tanthauzo lake.

Si mayeso a akaunting'i kapena maketing'i ayi. Mulibemo funso la balance sheet ngakhale limodzi. Amayesa kaganizidwe basi, masamu, kuwerenga Chingerezi mozama, ndi kumasulira manambala.

Ndikufuna MBA ya konkuno ku Malawi, ndiyenera kulembabe?

Ma MBA ambiri a kuno amayang'ana digiri yanu ndi zaka zomwe mwagwira ntchito, nde musanataye ndalama funsani kaye ku sukuluko zomwe akufuna chaka chimenecho. Ngati sakufuna GMAT musalembe, palibe wolemba ntchito pa Ginnery Corner adzakufunseni za GMAT. Mayesowa ndi a munthu amene maso ake ali kunja.

Ndikadali pasukulu, sikufulumira kwambiri kumeneku?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Zotsatira za GMAT zimagwira ntchito zaka 5, za GRE, mayeso ena olowera ku masitazi omwe masukulu ambiri a bizinesi amalandiranso, chimodzimodzi. Ma MBA ambiri akuluakulu amafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, zitatu kapena kuposera apo. Nde tiwerengere limodzi, mukalemba chaka chomaliza cha digiri, mukagwira ntchito zaka zitatu, mukapempha malo chaka chachinayi, zotsatira zanu zikadali zamoyo. Koma mukalemba chaka chachiwiri, zaka ziwiri zitha mukadali pa kampasi, zitatu zotsalazo mwina chimodzi chipita mukusakasaka ntchito ngati mmene zimakhalira kwathu kuno, pofika nthawi yopempha malo zotsatira zatha mphamvu, ndalama zija zalowa m'madzi.

Ubwino wolemba mukadali pasukulu ndi woti mutu ukadali wozolowera mayeso, masamu simunaiwale, laibulale ndi Wi-Fi ya pa kampasi zilipo. Munthu amene wagwira ntchito ku banki zaka zinayi, akuweruka 6 koloko madzulo atatopa, kunyumba kuli mwana, amavutika kwambiri kukhala pansi kuti akumbukire ma exponent. Ine ndimalangiza semesita yomaliza kapena miyezi ingapo mukangomaliza mayeso a digiri, nthawi ija mukudikira graduweshoni mulibe chochita chenicheni.

Koma digiri yanu isavulale chifukwa cha GMAT. GMAT mutha kubwereza, magiredi a pa transikiripiti simungabwereze. Ngati kukonzekera kukudya nthawi ya pulojekiti yanu ya chaka chomaliza, siyani kaye GMAT.

Pali sukulu zomwe zimatenga munthu asanagwire ntchito?

Zilipo, ndipo anthu ambiri kuno sadziwa. Njira yoyamba ndi yoti amakusungirani malo. Mumapempha muli chaka chomaliza, akakutengani mumapita kukagwira ntchito zaka ziwiri kapena kuposerapo, kenako mumadzayamba MBA malo anu alipo kale. Ya ku Harvard imatchedwa 2+2, Stanford ili ndi yake, Wharton ili ndi Moelis Advance Access, Chicago Booth ndi MIT Sloan nazonso zili ndi zawo. Zambiri mwa izi zimatseka kulandira makalata cha mu Epulo, nde GMAT kapena GRE muyenera kukhala mutalemba kale isanafike nthawiyo. Yale ili ndi Silver Scholars, iyoyo ndi yosiyana pang'ono chifukwa mumalowa kalasi mukangomaliza digiri.

Njira yachiwiri ndi Masters in Management, yotchuka kwambiri ku Ulaya, ku HEC Paris, London Business School, INSEAD ndi kwina. Iyi anaipangira dala anthu ongomaliza kumene digiri. Ngati mukulimbana ndi imodzi mwa njira ziwirizi, zomwe tanena pamwambapa zoti mudikire chaka chomaliza zikusintha pang'ono, yambani kukonzekera kumapeto kwa chaka chachitatu.

Mpikisano wake ndi woopsa, tisanamizane. Koma kupempha sikuletsedwa kwa wophunzira wa ku Malawi.

Mayeso ake amakhala bwanji?

Samalani apa chifukwa GMAT inasintha. Mtundu watsopano unayamba mu Novembala 2023, wakale unasiya kulembedwa kumapeto kwa Januwale 2024. Mabuku ambiri omwe akuzungulira pa WhatsApp ngati ma PDF ndi a mtundu wakale.

Panopa pali magawo atatu, lililonse mphindi 45, mafunso onse pamodzi 64. Quantitative Reasoning ili ndi mafunso 21, Verbal Reasoning 23, Data Insights 20. Zonse ndi maola awiri ndi mphindi 15, kuphatikizapo mutha kupuma mphindi 10 mukafuna. Mumasankha nokha gawo loyambira. Nkhani yolemba ija yomwe inalipo kale anaichotsa, mafunso okonza galamala ya ziganizo anawachotsanso, ndipo jometire ya ma triangle ndi ma circle sinalinso mbali ya masamu ake. Nde mukapeza buku lomwe theka lake ndi Sentence Correction dziwani kuti ndi lakale, musataye nalo nthawi pa gawo limenelo.

Kompyuta imasintha kulimba kwa mafunso malinga ndi mmene mukuyankhira. Mukakhoza imakupatsani lolimbirapo, mukalakwa imatsitsa. Chifukwa chake aliyense, ngakhale katswiri, amamva ngati mayeso akumuvuta, ndi mmene anawapangira. Mukamaliza gawo nthawi ikadalipo mutha kubwerera kukaona mayankho anu, koma mumaloledwa kusintha atatu okha pa gawo lililonse.

Malikisi amawerengedwa bwanji, ndipo abwino ndi angati?

Onse pamodzi amayambira 205 kufika 805, ndipo nthawi zonse amathera ndi 5. Gawo lililonse lili ndi ake kuyambira 60 mpaka 90, ndipo magawo atatuwa amalemera mofanana. Sikelo yakale inali 200 mpaka 800, nde musasokonezeke mukamva wina akunena kuti "umafunika 700", ameneyo akulankhula za kale. 645 ya panopa ndi yofanana ndi 700 yakale.

Abwino ndi omwe akufanana kapena kuposa a anthu omwe sukulu yanu inatenga chaka chatha. Sukulu zambiri zimaika manambala amenewa pa webusaiti yawo pomwe akufotokoza za kalasi yomwe ilipo. Masukulu apamwamba kwambiri a ku America amazungulira cha pa 730 pa sikelo yakale, ambiri abwinobwino a ku Ulaya ndi ku South Africa amatenga otsikirapo. Lembani sukulu zinayi kapena zisanu zomwe mukuzifunadi, onani manambala awo, ndiye mudziwe chomwe mukuthamangira.

GMAT kapena GRE, ndilembe iti?

Masukulu ambiri a bizinesi masiku ano amalandira zonse ziwiri. GRE amayendetsa ndi bungwe lina la ku America lotchedwa ETS, nayo anaifupikitsa mu Seputembala 2023, panopa imatha maola awiri osakwana. Ili ndi Verbal ndi Quantitative, chilichonse 130 mpaka 170, komanso nkhani imodzi yolemba mphindi 30.

Kusiyana kwake komwe kumakhudza ife ndi uku. GRE imafuna mudziwe mawu ambiri a Chingerezi ovuta, mawu oti ngakhale mu nyuzipepala simuwapeza kawirikawiri, koma masamu ake ndi ofewerapo ndipo kalikuleta amakupatsani pa sikirini. GMAT sifuna mawu achilendo kwambiri, imafuna kutsata mfundo, koma masamu ake ndi okhotakhota ndipo pa Quantitative kalikuleta mulibe, imapezeka pa Data Insights pokha. Ubwino wina wa GRE ndi woti imagwiranso ntchito ku masitazi ya economics, public policy ndi zina, nde ngati simunatsimikize kuti ndi MBA basi, GRE ikusiyirani zitseko zambiri.

Musasankhe pongomva za anzanu. Onse awiri ali ndi mayeso oyeserera aulere, lembani amodzi a GMAT Loweruka lino, a GRE Loweruka linalo, muone komwe mwamva kumasuka.

Nanga South Africa, poti ndi kufupi?

Ambiri mwa ife timathera kumeneko, ku UCT Graduate School of Business ku Cape Town, Wits Business School ndi GIBS ku Johannesburg, kapena Stellenbosch. Kumeneko GMAT amailandira, koma sukulu zina zimalandiranso NMAT, omwe ndi mayeso ena a GMAC omwewo otsikirapo mtengo, ndipo zina zili ndi mayeso awoawo olowera. Werengani tsamba la sukulu iliyonse payokha musanalipire kanthu.

Chinthu china chomwe chimadzidzimutsa anthu, MBA ya ku South Africa imafuna mukhale ndi pepala la mulingo wa Honours kapena Postgraduate Diploma, ndipo digiri yochokera kunja imayenera kuunikidwa ndi a SAQA, bungwe la ku South Africa loona za mapepala a maphunziro, kuti anene ili pa mulingo uti. Zimenezi zimatenga nthawi, musadzaziyambe kutatsala sabata ziwiri.

Ndamva za CAT ya ku India, imandikhudza?

CAT ndi ya amwenye olowera ku ma IIM, masukulu akuluakulu a bizinesi a ku India, imalembedwa kamodzi pa chaka cha kumapeto kwa Novembala. Anthu ochokera kunja kwa India nthawi zambiri amapempha malo pogwiritsa ntchito GMAT, nde inu musavutike nayo. Executive Assessment, mayeso ena a GMAC, nayonso si yanu panopa, ndi ya anthu omwe agwira ntchito zaka zambiri.

Masamu ndinasiyira ku MSCE, ndingakwanitse?

Mungakwanitse. Masamu a GMAT mitu yake sipitirira ya ku sekondale, ma fraction, ma percentage, ma ratio, aljebra, liwiro ndi mtunda, probability pang'ono, ma prime number. Calculus mulibe. Chovuta si mutu wake koma mafunsidwe ake ndi nthawi, funso lililonse muli nalo mphindi ziwiri ndi timasekondi pang'ono, popanda kalikuleta.

Ngati munapanga law, education kapena humanities, tengani mwezi woyamba wonse kubwereza maziko, buku la masamu la Fomu 3 ndi Fomu 4 likuthandizani kuposa mmene mukuganizira. Zolowerani kuwerengera pamtima, 15% ya 240, ma square mpaka 20, kusintha 3/8 kukhala decimal. Ndipo a engineering ndi a accountancy musadzitame msanga, ambiri mwa inu mumagwa chifukwa mumafuna kusova funso lonse mwadongosolo ngati mukulembera lekichara kuti akupatseni malikisi a njira. Kuno njira saiona, amaona yankho basi, nthawi zina kungoyesa mayankho omwe apatsidwawo mmodzimmodzi kumafulumira kuposa kupanga equation.

Data Sufficiency ndi chani? Ndikuiona ngati yachilendo.

Ndi yachilendodi, sitinaphunzirepo zotere kusukulu kwathu. Ili mkati mwa Data Insights. Amakupatsani funso ndi mfundo ziwiri, ndipo sakufuna yankho la funsolo, akufuna munene ngati mfundozo zikukwanira kuti munthu apeze yankho.

Mwachitsanzo, funso likuti kodi x ndi yoposa 10? Mfundo yoyamba ikuti x kuchulukitsa ndi x yemweyo ikupitirira 100. Mfundo yachiwiri ikuti x ndi yoposa 0. Ambiri amathamangira kunena kuti yoyamba payokha ikukwanira, kuiwala kuti x itha kukhala -11, yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereka 121 koma si yoposa 10. Yachiwiri payokha sikukwaniranso, x itha kukhala 3. Mukaziphatikiza ndi pomwe zikukwanira. Misampha yake imakhala yotere nthawi zonse, manambala a negative, ziro, ma fraction, zinthu zomwe mutu umangodumpha.

Gawo lomweli lilinso ndi ma tebulo oti musanje, ma girafu, ndi mafunso omwe amakupatsani zolemba ziwiri kapena zitatu zosiyana, mwina imelo, tebulo ndi lipoti, kuti muphatikize nokha. Ena amakhala ndi tizigawo tiwiri kapena titatu ndipo mukalakwa kamodzi funso lonse lapita.

Chingerezi ndimachidziwa bwino, Verbal ndiyenera kuikonzekerabe?

Eya, ndipo mwa maganizo anga ili ndi gawo lomwe limatipweteka kwambiri ife kuposa masamu. Osati chifukwa sitidziwa Chingerezi, taphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Vuto ndi loti sukulu zathu zinatizoloweza kuloweza manotsi ndi kuwabweza pa pepala monga momwe anatipatsira, pomwe GMAT ikufuna mutsutsane ndi zomwe mwawerenga, mupeze pomwe mfundo yafooka.

Tiyerekeze ndime ikuti mwini golosale wina anatsitsa mtengo wa shuga, sabata yomweyo makasitomala anachuluka, choncho kutsitsa mtengo ndi komwe kunabweretsa anthu. Funso likuti ndi iti mwa mfundo izi yomwe ikufooketsa ganizo limeneli. Yankho lake likhala ngati lakuti golosale yoyandikana nayo inatseka sabata yomweyo. Mayankho enawo adzakhala oona ndithu, monga kuti shuga amagulidwa kwambiri nthawi yozizira, koma sakukhudza mfundoyo. Luso lake ndi kusiyanitsa chomwe chili choona ndi chomwe chikuyankha funso, ndipo luso limeneli silibwera usiku umodzi.

Gawo linalo ndi ndime zazitali za sayansi, mbiri, zachuma, zolembedwa mouma. Mankhwala ake ndi kuwerenga tsiku lililonse zinthu zolimba, The Economist, Financial Times, nkhani za sayansi, mphindi 30 zokha koma osadumphitsa. Mukamaliza ndime dzifunseni kuti wolembayu akufuna kunena chani, ndipo umboni wake ndi uti. Izi mutha kuyamba ngakhale muli chaka choyamba, sizifuna ndalama ya mayeso ndipo sizitha mphamvu pakatha zaka 5.

IELTS ndi TOEFL ndi nkhani ina, amenewo amayesa chiyankhulo chabe ndipo zotsatira zake zimakhala zaka ziwiri zokha, nde musawalembe msanga. Sukulu zina zimakukhululukirani mukaonetsa kalata yoti digiri munaphunzira m'Chingerezi.

Ndikonzekere nthawi yaitali bwanji, ndi mabuku ati?

Kwa munthu amene ali ndi makalasi, miyezi itatu kapena inayi, ola limodzi kapena awiri pa tsiku, Loweruka nthawi yotalikirapo. Kuwerenga usiku wonse ndi khofi ngati mmene timachitira sabata ya mayeso a semesita sikugwira ntchito pano.

Yambani ndi kutsegula akaunti pa mba.com, pali Official Starter Kit yaulere yomwe ili ndi mayeso oyeserera awiri athunthu. Lembani oyamba musanawerenge chilichonse kuti mudziwe pomwe muli, achiwiriwo asungeni mpaka chakumapeto. Buku lenileni ndi GMAT Official Guide ya chaka chaposachedwa, mafunso ake ndi omwe analembedwapo pa mayeso enieni. Mukhoza kusonkherana anthu atatu kugula limodzi. Pa GMAT Club pali mafunso ambiri ndi mafotokozedwe aulere, ndipo Khan Academy ndi yabwino pobwereza maziko a masamu. Mavidiyo amadya bando, koperani muli pa Wi-Fi ya pa kampasi.

Chomwe chimakweza malikisi kwambiri ndi kope la zolakwa. Funso lililonse mwalakwa lembani kuti munalakwa chifukwa chani, simunadziwe mutu wake, munawerenga molakwika, kapena nthawi inakutherani. Pakatha sabata zitatu mudzaona kuti zolakwa zanu ndi zomwezomwezo zikungosintha malaya. Mafunso 20 owunikidwa bwino amaposa 100 ongothamangitsa.

Ndilipire makalasi okonzekera?

Ambiri safunika. Makalasi a pa intaneti amalipiritsa madola ambiri, nthawi zina kuposa mayeso enieniwo. Yesani nokha miyezi iwiri kaye, ngati malikisi a mayeso oyeserera aima malo amodzi ndi pomwe mungaganize zolipira munthu pa gawo lokhalo lomwe likukukanikani. Ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi mafunso odzabwera, kapena akulemberani pa intaneti, thawani. GMAC imafufuta zotsatira, imaletsa munthu kulembanso, ndipo imatha kudziwitsa masukulu.

Zimadya ndalama zingati, ndipo ndilipira bwanji?

GMAT ili cha pa madola 275 mpaka 300 kutengera dziko komanso ngati mukulembera ku senta kapena pa intaneti, GRE inali cha pa madola 220 mu 2024. Mtengo weniweni wa tsiku limenelo onani pa mba.com kapena ets.org. Kusintha tsiku kulinso ndi mtengo wake, ndipo umakwera tsiku likamayandikira.

Kwa wophunzira wa kuno imeneyi ndi ndalama yaikulu, makamaka chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023. Amalipira ndi khadi ya Visa kapena Mastercard, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja makhadi athu ambiri ali ndi malire a zomwe mungalipire kunja pa mwezi. Pitani ku banki kwanu mukafunse msanga, kapena konzani ndi m'bale wanu amene ali ku Joni kapena ku UK kuti akulipirireni inu mumubwezere. Polembetsa dzina likhale ndendende mmene lilili pa pasipoti, ndipo pasipotiyo ikhale yosatha, ngati mulibe yambani kuitsata panopa.

Lamulo langa ndi ili, musalipire mpaka mayeso oyeserera awiri otsatizana, olembedwa ndi wotchi komanso osaimitsa pakati, akupatseni malikisi omwe mukufuna kapena oyandikira.

Ndilembere ku senta kapena kunyumba?

Ma senta amayendetsa ndi kampani ya Pearson VUE, ndipo polembetsa pa mba.com mumaona omwe ali pafupi nanu ndi masiku omwe alipo. Ngati senta ili kutali, onjezerani pa bajeti thiransipoti ndi malo ogona, mukafike dzulo lake.

Kulembera kunyumba kumafuna laputopu kapena kompyuta yokhala ndi kamera, foni sigwira, chipinda chanu nokha chopanda phokoso komanso chopanda munthu wolowa, ndi intaneti yosadukaduka maola onsewo chifukwa pali munthu amene amakuyang'anirani pa kamera. Ku hostelo iwalani. Ganiziraninso za magetsi, laputopu itha kukhala ndi batire koma rauta ikazima basi zavuta. Ngati mungapeze ofesi ya m'bale yomwe ili ndi sola kapena jenereta Loweruka, ndi bwino, koma yesani kaye makinawo pa malo omwewo masiku angapo tsikulo lisanafike. Pomwe senta ikutheka, ine ndimasankha senta.

Ndikalephera ndingabwereze?

Palibe kukhoza kapena kulephera, pali malikisi basi. Mutha kubwereza pakadutsa masiku 16, mpaka kasanu pa miyezi 12. Pa GRE ndi masiku 21. Pa GMAT mumaona kaye malikisi anu musanasankhe kotumiza, ndipo mukalandira zotsatira zotsimikizika muli ndi maola 48 otumiza ku masukulu asanu mwaulere, kupitirira apo mumalipira. Ngati mukulemba panopa kuti mudzagwiritse ntchito zaka zitatu zikubwerazi, palibe chifukwa chotumizira, zisungeni.

Musabwereze pa tsiku la 17 chifukwa cha mkwiyo. Lipoti lanu limaonetsa mitu yomwe munafooka ndi mmene munagwiritsira nthawi, khalani nalo pansi mwezi umodzi kapena iwiri kaye.

Nthawi ikanditsalira pang'ono mkati mwa mayeso nditani?

Malizani mafunso onse, kusiya osayankha kumadula malikisi kwambiri kuposa kulakwa. Funso likakudyerani mphindi zitatu osaona njira, chotsani mayankho omwe akuoneka kuti ndi olakwika, sankhani limodzi, liikeni chizindikiro mupitirire, mudzabwerera ngati nthawi itsale monga tafotokozera pa funso la mmene mayeso amakhalira.

Malikisi abwino andipezetsa sikolashipu?

Amathandiza, masukulu ambiri a bizinesi amagawa ndalama zawo poyang'ananso GMAT kapena GRE, ndipo opempha ochokera ku Malawi samakhala ambiri pa mulu wa makalata, zomwe zimakuikani pooneka. Koma payokha sikwanira. Amawerenga transikiripiti, makalata a anthu okuchitirani umboni, nkhani zomwe mwalemba zofotokoza chomwe mukufuna kudzachita, kenako intavyu. Sikolashipu ya Chevening ya boma la Britain imafuna zaka ziwiri za ntchito, nde imeneyo ndi ya mtsogolo, werenganinso funso la nthawi yolembera.

Pakadali pano, mukadali pa kampasi, pezani atachimenti yeniyeni pa holide, tengani udindo mu kalabu kapena bungwe la ophunzira, ngati muli ndi kageni kanu sungani marekodi ake bwino chifukwa nako ndi nkhani yoti mudzafotokoze pa intavyu. Ndipo malekichara awiri akudziweni dzina ndi ntchito zanu musanachoke, mutenge ma imelo awo, chifukwa kalata ya umboni mudzaifuna patapita zaka zitatu pomwe iwo aphunzitsa anthu ena mazanamazana.